Chikwapu chabwino chimayambira pa mpeni

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Bembeke kutsetsereka mpaka pa mphambano ya ku Tsangano, amalidziwa phokoso la m'mamawa wa tsiku la msika. Ngolo isanaoneke n'komwe umayamba wamva "thwaa!" wa chikwapu kutsidya kwa dambo, kenako kulira kwa zitsulo zouma girizi, kenako likhweru la woyendetsa. Ngolozo zimakhala zitalemedwa ndi kabichi, mbatatesi, anyezi ndi nyemba, zina zochokera m'midzi ya kuno, zina za ku Angonia, pajatu chigawo chimenechi msewu womwewo ndiwo malire. Pa Lizulu golosale ya mbali ino ili ku Malawi, ya tsidya linalo ili ku Mozambique, ndipo ng'ombe zilibe nazo ntchito zimenezo.

Ngolo zilipobe, ngakhale njinga zamoto zalanda katundu wambiri wopepuka. Chimene chikusowa ndi "thwaa!" uja. Tayang'anani m'manja mwa anyamata oyendetsa ngolo lero. Wina wagwira lamba wocheka ku teyala, wina chidutswa cha paipi yakuda, wina chingwe cha nayiloni chomangirira ku kamtengo. Zinthu zimenezi sizilira m'mwamba. Kuti ng'ombe imve, ziyenera kutera pathupi, ndipo zimateradi, mobwerezabwereza, chitunda chonse mpaka pamwamba. Anthu akaona amati ana a masiku ano ndi ankhanza. Kapena n'zoona, koma ine ndimati mbali ina ya nkhanzayo ili m'chipangizocho. Munthu ukamupatsa chinthu chosalira, amenya basi.

Atsibweni anga, amene amakhala kumtunda kuja njira yopita ku Tsangano, anayamba kuluka zikwapu zachikopa ine ndisanabadwe. Si ntchito yawo yeniyeni. Iwo ndi mlimi wa mbatatesi ndi tirigu pang'ono, ndipo zikwapu amapanga akakolola, za kumunda zikachepa. Anthu ofuna kuonerera amakonda kufika tsiku loluka, chifukwa ndi pamene pali chooneka, zingwe zisanu ndi zitatu zikudumphana m'zala. Iwo amangoseka. "Apatu mwabwera ntchito itatha," amatero. "Kuluka angathe aliyense woluka tsitsi. Chikwapu chimapangidwa ndi mpeni."

Mpeniwo umayamba ntchito ng'ombe ikangogwa. Kumudzi ng'ombe imaphedwa paukwati, pamaliro a munthu wamkulu, pomanga chiliza kapena pa Khrisimasi, ndipo osenda maso awo amakhala pa nyama. Amafulumira, kubaya apa, kung'amba apo. Chikopa chochokera m'manja otero ukachiyang'ana mbali yamkati chimakhala ndi timabala ta mpeni, tina tosabowoka n'komwe, koma chingwe chikadutsa pamenepo chidzaduka tsiku lina chili m'mwamba. Ndiye atsibweni akamva kuti kwakutikwakuti kugwa ng'ombe, amalawirira ndi mpeni wawo wobuntha kunsonga kukapempha kuti asende okha. Pamene chikopa chikulola saikapo mpeni, amangokankha ndi chibakera kuti chisiyane ndi nyama. Eni ng'ombe sakana, wosenda waulere ndani angamukane?

Si chikopa chilichonse chimene amatenga. Cha nkhunzi yokalamba n'chokhuthala mopitirira, chimayenera zingwe zomangira goli. Cha thole n'chopyapyala. Amafuna cha ng'ombe yaikazi yokhwima kapena cha mfule ya msinkhu wapakati, ng'ombe zathu zomwezi zazing'onozing'ono zalinunda. Amachisisita ndi chikhatho kufunafuna zipsera. Nkhupakupa zimasiya timabowo, makamaka pa ng'ombe zimene sizinalowepo m'dibi, ndipo waya waminga amasiya mizere yake. Koma chimene chimawakwiyitsa ndi chikopa cha ng'ombe yangolo yomwe inkamenyedwa. Ubweya ukachoka, mikwingwirima yonse imaonekera pamsana ndi m'matako, malo enieni amene pamayenera kuchokera zingwe zabwino. Tsiku lina anandiitana kuti ndione china chotere chimene munthu anawabweretsera. "Taona mphwanga. Mwini wake akuti ndimulukire chikwapu. Ndamuuza kuti anachiluka kale yekha pamsana pa ng'ombe yake." Anachibweza ndithu.

Chikopa chachiwisi sichidikira mawa. Tsiku lomwelo amachipala mafuta ndi tinyama totsalira, kuchitsuka magazi, n'kuchithira mchere wambiri mbali yamkati. Kenako amachitambasula ndi zikhomo pamthunzi, chotukuka pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi. Ambiri amalakwitsira apa. Amachiyanika pa dzuwa la Okutobala, kunja n'kuuma gwa tsiku limodzi mkati mukadali chinyezi, ndiye chimayamba kuola mosaoneka. Kamphepo kozizira ka Juni ndi Julaye ka kumtunda kuno kamaumitsa pang'onopang'ono, ntchentche zilinso zochepa. Anzathu a ku Bwanje ndi ku Golomoti, kumunsi kotentha kuja, amayenera kusamala kawiri.

Ubweya amachotsa ndi phulusa. Amasonkhanitsa la pamoto wa nkhuni, kulisungunula m'madzi mu mgolo wodula pakati, n'kuviika chikopa masiku angapo, akuchitembenuza m'mawa ndi madzulo. Ubweya ukayamba kuzuka ndi chala amachivuula, kuchiyala pa chipika, n'kupala ndi msana wa chikwanje. Amene ali ndi laimu amathira laimu, ndipo zimafulumira. Fungo la nthawi imeneyi musandifunse. Akazi awo analamula kalekale kuti mgolowo uzikhala kuseri kwa khola, ndipo lamulolo silinaphwanyidwepo. Pomaliza chikopa chimagona mumtsinje atachipsinja ndi miyala, kuti phulusa lonse lichoke, chifukwa likatsalira chimauma n'kumathetheka.

Tsopano mpeni uja.

Chikopa cha ng'ombe yathu kuchokera pakhosi kufika pamchira sichifika mamita awiri, pamene zingwe za chikwapu cha mamita atatu ziyenera kupitirira pamenepo, chifukwa kuluka kumadya utali. Njira yake ndi kucheka mozungulira. Amayamba achotsa zapamimba, zam'khwapa ndi zapakhosi, poti zimenezo n'zolobodoka ndipo zimatamuka mosalekeza. Chotsalacho amachidula ngodya zonse kuti chikhale chozungulira, n'kuyamba kucheka m'mphepete, kuzungulira, kuzungulira, kulowera mkati, mpaka chikopa chonse chasanduka lamba mmodzi wautali. Mu lamba ameneyo ndi mmene mumachokera zingwe zolukira.

Chikopacho chimakhala chitagona m'chisaka chonyowa, kuti chifewe pang'ono koma chisachite kulobodoka. Mpeni wake ndi kachitsulo ka sowo yothyoka, konoledwa pamwala mpaka kakumeta ubweya wa pamkono, kogwirira kake atakulunga ndi mphira. Rula alibe. Chala chachikulu ndicho muyeso: chikhadabo chimayenda m'mphepete mwa chikopa, mpeni ukutsatira, ndipo chalacho chikamasendera kufupi ndi mpeni chingwe chimanka chiwonda. Chingwe chilichonse chiyenera kuyamba ndi mulingo wa chala chaching'ono kumutu n'kukathera pa mulingo wa kamtengo ka machesi kunsonga, popanda paliponse podumpha, ndipo zonse zisanu ndi zitatu zifanane. Dzanja likanjenjemera kamodzi, mpeni n'kulowa mkati, chingwe chonsecho chapita kukamangira nkhuni. Nthawi imeneyi wailesi amazimitsa. Mukawapatsa moni amangogwedeza mutu maso ali pachikopa, ndipo ngakhale kwathu kusayankha moni ndi mlandu, aliyense amadziwa kuti apa palibe chokwiyira.

Ndakhalapo pambali pawo ndikuyang'ana chalacho. Chikhadabo chake chili ndi kamphako kamene chikopa chinasema pa zaka zonsezi. Akafika pamene chikopa chakhuthala, cha kumsana, amachepetsa m'lifupi pang'ono. Akafika pamene chapyapyala, cha kunthiti, amawonjezera, podziwa kuti pamenepo padzatamuka n'kuwonda pokha. Zimenezi sayeza, amangomva ndi chala. Mukawafunsa kuti awonjezera zingati amakuyang'anani modabwa. Akatha kucheka amapalanso chingwe chilichonse mbali yamkati kuti kukhuthala kufanane, n'kuchipala m'mbali mopendeketsa kuti poluka zingwe zigonerane, zisatukuke.

Kenako kufufuta. Zingwe amazikoleka pa nthambi ya mtengo, kunsi kwake n'kumangirira mwala waukulu. Amapisa kamtengo pakati n'kumazungulira nako mpaka zingwe zapotana, mwala wakwera m'mwamba. Akasolola kamtengoko mwala umazungulira wokha ukutsika, ndiye amapotanso mbali inayo. Imeneyi ndi ntchito ya adzukulu, ndipo imatha masiku. Pakatipakati amapaka mafuta a ng'ombe osungunula, nthawi zina osakaniza ndi a nsatsi. Oyilo wakuda wa galimoto, amene anyamata amakonda chifukwa amangotola pagalaja, atsibweni safuna n'kumuona komwe. Amati amafewetsa lero, koma chikopa chimatha mphamvu. Cholinga cha zonsezi n'chakuti chingwe chitamukiretu chisanalowe m'chikwapu. Chikapanda kutero chimakatamukira m'chikwapumo mvula yoyamba ikachinyowetsa, ndipo malukidwe onse amakhwefuka.

Chikwapu chili ndi mtima. Ndi lamba wopotedwa, wonenepa kumutu, wowonda kunsonga, amene amakhala pakati. Amaukoleka pa msomali wa pa nsanamira ya khonde n'kuyamba kulukira zingwe mozungulira mtimawo. Kwa zingwe zinayi njira yake ndi yosavuta: tenga chakunja cha kumanja, chidutse kumbuyo, chitulukire pakati pa ziwiri za kumanzere, chibwerere kwawo, ndiye uchite chimodzimodzi ndi cha kumanzere. Kwa zisanu ndi zitatu ndi zomwezo, kungoti mbali iliyonse kuli zinayi, ndipo chingwe chimatulukira pakati pa zinayizo, ziwiri chadutsa pansi, ziwiri pamwamba. Mwana akhoza kuphunzira madzulo amodzi. Chovuta ndi kukoka. Chingwe chilichonse chiyenera kukokedwa ndi mphamvu yofanana, woluka akutsamira chagada kuti thupi lonse likoke, osati mkono wokha. Dzanja lamanja limakonda kuposa lamanzere, ndipo zikatero mzere wa malukidwe umayamba kupotoka, chikwapu n'kumathawira mbali imodzi pochiponya. Atsibweni akaluka kachigawo amaima, kuyang'ana mzerewo ndi diso limodzi, ndipo ukakhota amamasula.

Chikwapu chikamawonda zingwe zisanu ndi zitatu sizikwananso. Amasiya ziwiri, kuzibisa mkati kuti zikhale mbali ya mtima, n'kupitiriza ndi zisanu ndi chimodzi, kenako zinayi. Woluka wosadziwa amagwidwira apa, chifukwa pamene wasiyira zingwe pamakhala chotupa. Mukamagula chikwapu, chikokeni m'chikhatho mutafumbata kuchokera kumutu mpaka kunsonga. Chikhatho chikakhumudwa penapake, chisiyeni. Akamaliza kuluka amachigoneka pa simenti, kuikapo thabwa, n'kumachigubuduza ndi mphamvu mpaka zingwe zakhazikikana, chonse chabulungira.

Atsibweni anayamba ndi zingwe zinayi, zimene anaphunzira kwa bambo awo. Zisanu ndi zitatu anaphunzira kwa mkulu wina wa ku Angonia amene anathawira m'mudzi mwathu nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Pofika mu 1992 othawa nkhondoyo anali atapitirira miliyoni imodzi m'Malawi muno, ndipo Ntcheu ndi Dedza anali m'gulu la maboma amene analandira ambiri. Mkuluyo anafika wopanda ng'ombe ngakhale imodzi, zonse zinatsala kutsidya, ndipo ankadyera manja ake: mipando yoluka ndi zikopa, zingwe za goli, zikwapu. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthu anayamba kubwerera, iye pamodzi nawo. Kunena zoona sanali mlendo kwenikweni. Angoni a Maseko asanakhazikike kuno anakhalitsa ku Domwe, komwe lero ndi Mozambique, ndipo chibale chili mbali zonse za msewu. Luso la chikopa ndi la anthu omwewa. Mukapita ku Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo mukaona zishango za chikopa cha ng'ombe zikugwedezeka m'ngoma pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani, ndipo n'zokongola. Chimene chimandiwawa n'chakuti chikopa timachilemekeza tsiku lovina lokha. Masiku ena onse chimaola kuseri kwa malo ophera ng'ombe, agalu akulimbirana.

Kunsonga kwa cholukidwacho amamangirira lamba mmodzi wosaluka, wotalika ngati mkono, ndipo kumapeto kwa lambayo kansonga ka khonje wopota pantchafu. Kansongaka ndi kamene kamalira, ndipo kamatha msanga, kamafuna kusintha pafupipafupi. Apa pokha atsibweni analolera zatsopano kalekale. Amasolola ulusi wa thumba la feteleza n'kuupota, akuti umalimba kuposa khonje ndipo sasowa. Mpini ndi nsungwi yokhwima kapena kamtengo kowongoka kolola kupindika, pafupifupi mamita awiri, ndipo chikwapu sachimangirira gwa ku mpiniwo. Amachilumikiza ndi kachingwe kokolowekera kuti chizizungulira momasuka. Woyendetsa atakhala pangolo amafikira kutsogolo kwa ng'ombe osadzuka.

Ambiri amaganiza kuti kulira kuja ndi chikopa kumenya chikopa chinzake. Ayi. Dzanja likaponya, kupindika kumayambira kumpini n'kuyenda kutsata chikwapu. Poti chikwapu chikunka chiwonda n'kupepuka, mphamvu yomweyo imakankha chinthu chochepera chochepera, ndiye liwiro limakwera. Pofika kunsonga limaposa liwiro la phokoso lenilenilo, lomwe ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi, kapena makilomita oposa 1,200 pa ola, ndipo mpweya umachita kuphulika. Mu 1998 ofufuza a ku Freiburg, ku Germany, anajambula nsonga ya chikwapu ndi makamera othamanga kwambiri n'kupeza kuti inkafika liwiro loposa kawiri la phokoso. N'chifukwa chake lamba wa teyala salira ngakhale mumuponye bwanji. Ndi wofanana kumutu ndi kunsonga, liwiro lilibe pokwerera. Nditawafotokozera atsibweni zimenezi anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye azunguwo anachita kugula kamera kuti adziwe zoti chikwapu chiyenera kuwonda kunsonga? Akanabwera kuno ndikanawauza pa mtengo wa botolo limodzi."

Woyendetsa wodziwa amayamba waitana ng'ombe dzina lake. Ikapanda kumva amaimba likhweru. Chikwapu chimabwera kachitatu, ndipo chimalirira m'mwamba, mbali imene akufuna kuti ng'ombe zichokeko: akaliza kumanja zimakhotera kumanzere. Pagoli nthawi zambiri pamakhala imodzi yaulesi imene imasiyira inzake katundu, ndipo wodziwa amaliza pafupi ndi khutu la yaulesiyo, yolimbikayo osaidzidzimutsa. Ng'ombe zozolowera zimenezi zimayamba kukoka zikangoona mpini watukuka. Sindikunena kuti chikwapu cholukidwa sichitera pathupi. Pitani padambo mwezi wa Febuluwale mukaone ngolo yodzaza mopitirira muyeso itatitimira mpaka m'matayala, mukaona zomvetsa chisoni, ndipo chachikopa chimacheka kuposa mphira. Koma wogwira chachikopa ali ndi zosankha ziwiri, kuliza kapena kumenya. Wogwira paipi ali ndi chimodzi chokha.

Alipo anthu amene akangomva za chikwapu mtima umawawa, ndipo chifukwa chake chilipo. Agogo athu ankanena za chikoti cha chikopa cha mvuu. Chimenecho sankaluka. Ankacheka lamba mmodzi ku chikopa chokhuthala chija, kumusema kuti abulungire, n'kumuumitsa. Chinali chachifupi, cholimba, chosatha kulira m'mwamba, ntchito yake inali imodzi, pamsana pa munthu. Chinkagwira ntchito ku Congo m'nthawi ya mfumu Leopold II wa ku Belgium, ndiponso m'minda ya azungu kum'mwera kwa dziko lino m'masiku a thangata. Kumenyedwa kwa antchito m'minda ya ku Magomero kunali m'gulu la madandaulo amene anamveka pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Kutsidya kwa msewu, pansi pa Apwitikizi, kunali chibalo ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera anthu m'zikhatho, ndipo mabanja ena a kuno anachita kuthawa zimenezo. Amene anapita ku Joni anakapeza apolisi atanyamula sjambok, imene boma la South Africa linawaletsa mu 1989. Kwathu kuno malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 19, analetsa chilango chokwapula munthu pa milandu ya m'makhoti ndi m'mabungwe ena a boma. Komabe ife amene tinaphunzira sukulu za kumtunda kuno tikukadziwa kanthambi ka pichesi, kamene unkatumidwa kukathyola wekha.

Atsibweni mbiri imeneyi amaidziwa mwa njira yawo. Nthawi zina pamabwera munthu n'kunena kuti akufuna chikwapu chachifupi, chotalika mkono umodzi, cholemera, chopanda kansonga. Iwo amamuyang'ana n'kufunsa, "Ng'ombe yake ndi iti, bambo?" Ena amati n'cha akuba, ena amati n'choopsezera ana, ena amangoseka mwamanyazi. Sanalukepo chotero. Amanena kuti chikopa chatha, ngakhale chili chokoleka poonekera pakhonde pomwepo.

Vuto la luso limeneli ndi ndalama, monga mwa nthawi zonse. Kuchokera tsiku losenda kufika tsiku loliza pamadutsa masabata angapo, ndipo wogula amayerekeza mtengo wake ndi lamba wa teyala amene angatole waulere kwa okonza njinga. Mnyamata woyendetsa ngolo nthawi zambiri ndi waganyu, ng'ombe si zake, ndipo sangatulutse ndalama yake kugula chikwapu. Mwini ng'ombe ndi amene amayenera kugula, chifukwa ndi iye amaluza ng'ombe ikachita zilonda, ntchentche n'kuterapo, ikawonda nthawi yolima itayandikira. Koma eni ng'ombe ambiri saganiza mpaka pamenepo. Chikwapu chachikopa chimafunanso kusamala. Uyenera kuchikoleka m'mwamba mosafika makoswe ndi agalu, kuchipaka mafuta, kuchiumitsa pamthunzi chikanyowa. Waganyu amachisiya pangolo usiku, m'mawa n'kupeza galu watafuna theka. Ndimaona kuti alangizi a ziweto, pophunzitsa alimi kuweta ng'ombe zapagoli, akanamatenga anthu ngati atsibweni kuti aziphunzitsa nawo kaponyedwe, chifukwa chikwapu chabwino m'manja mwa wosadziwa kuliza chimangokhala chomenyera chodula.

Chimene sindinkayembekeza ndi foni. Mdzukulu wawo wina, mnyamata wa Fomu 3, anayamba kuonera oluka zikwapu a kunja pa YouTube. Ku Australia amaluka ndi chikopa cha kangaroo, chimene n'chopyapyala koma cholimba kwambiri, moti amatha kucheka zingwe 12 kapena 16 za chikwapu chimodzi, n'kuluka mapatani pampini. Ku America ambiri tsopano amaluka ndi zingwe za nayiloni. Mnyamatayo anagula chingwe chopyapyala cha nayiloni pamsika n'kuyamba kuyesa. Nayiloni sungamucheke kuti awonde, ndiye kuwonda konse kumachokera pa kusiya zingwe chimodzichimodzi, njira yomwe anaiona kwa agogo ake. Chikwapu chake chinalira. Ndinalipo tsiku limene anachibweretsa, ndipo nkhalambayo inachitembenuza, kuchikoka m'chikhatho, kuchinunkhiza, kenako inatuluka nacho pabwalo. Inaponya kawiri. Chinalira kawiri konse.

"Chikulira," anavomera, "koma n'chopepuka. Mphepo ya kuno ichiulutsa chisanafike kukhutu kwa ng'ombe."

"Koma sichiopa mvula, agogo. Galu sangachidyenso."

"Galu amadziwa chinthu chabwino."

Mnyamatayo anang'ung'udza kuti tsobola wakale sawawa, motsitsa mawu koma mofuna kuti amveke, ndipo ine ndinayembekeza kuti pabuka mlandu. Atsibweni anangolowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lamba wachikopa amene anatsala pa ntchito ina, n'kukhala pansi ndi kampeni kawo ka sowo. Anasema mtima, wolemera kumutu, wowonda kunsonga, n'kumuponyera mnyamatayo kuti alukire nayiloni wake pamwamba pake. Chimene chinatuluka n'chosakongola kwenikweni, chabuluu ndi chachikasu, koma chimalemera bwino m'dzanja, mphepo sichiulutsa, ndipo kupanga kwake kumatenga nthawi yochepa poyerekeza ndi chachikopa chokhachokha, poti chikopa chimodzi chimatulutsa mitima yambiri.

Ine ndimakondabe chachikopa, ndipo ndikuona kuti cha nayilonicho chikapsa ndi dzuwa chidzayamba kuyoyoka pamene chachikopa chikadali pa ntchito. Koma anyamata a ngolo akugula, ndipo mtengo wake akuufikira. Zoyamba zimene anapita nazo ku Lizulu zinatha dzuwa lisanafike pamutu, zina anagula anthu a kutsidya ndi ndalama za kwawo. Panopa mkangano watsala pa kagawidwe. Mnyamata akuti nayiloni amagula ndi iye, kuluka ndi iye, kunyamula kupita kumsika ndi iye. Agogo ake akuti popanda mtima wawo akanamagulitsa chingwe choyanikira zovala, ndiye akufuna theka. Nkhaniyi yafika kwa amayi ake a mnyamatayo, amene agamula kuti ndalama zonse zizikhala kwa iwo mpaka fizi ya teremu ikubwerayi italipidwa.